Silikoni wanga akukana kuuma pamwamba, ndalakwitsa pati?

Wa ku Matawale:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndikuchita kafukufuku wa chaka chomaliza pa silikoni wa mtundu wa PDMS, amene akauma amakhala ngati mphira, ndipo ndikugwiritsa ntchito PDMS wotchedwa Sylgard 184, posakaniza magawo 10 a silikoniyo ndi gawo limodzi la mankhwala oumitsira, zonse zoyeza pa sikelo. Padutsa maola 48, koma tizidutswa tanga tikumatabe ngati ulimbo, ndipo mkati mwadzaza thovu. Kodi vuto ndi chisanu cha Juni kunsi kwa phiri kuno?

Katswiri wa mu labu:
Chisanu chimachedwetsa ndithu, pakuti maola 48 aja amawerengera kutentha kwa madigiri 25, kumene kuno ku Zomba kumasowa nyengo ya chiperoni. Komabe ngati mkati mwalimba ndipo pamwamba pokha ndi pamene pakumata, ine ndikukayikira magolovesi anu. Silikoni ameneyu amauma chifukwa cha platinum, chitsulo chimene chimalumikizitsa maunyolo ake, ndipo platinum akangokhudzana ndi sulufule, ngakhale pang'ono chabe, amaleka kugwira ntchito. Magolovesi ambiri a latex amakhala ndi sulufule wotsalira popanga mphirayo. Valani a nitrile, ndipo chikombole muchitsuke ndi isopropanol, spiriti wotsukira zipangizo. Chimene chamata kale musataye nacho nthawi, sichidzaumanso.

Mayi wa ku Chinamwali:
Za thovu, mwanawe, limabwera potakasa. Ikani chosakanizacho mu vacuum desiccator, chotengera chotsekeka chimene pampu imachotsamo mpweya, kwa mphindi pafupifupi 30, m'kapu yaikulu, chifukwa chimafufuma ngati thobwa lowira ndipo chikhoza kusefukira. Mukatero muchiike mu uvuni pa madigiri 100 kwa mphindi 35, koma muyambe mwatsimikiza kuti magetsi sazima pakati, popeza kutentha kosiyana kumatulutsa kulimba kosiyana. Poyeza kulimba ndi durometer ya Shore A, chipangizo chimene chimakanikiza singano pa chidutswa, malamulo a kayezedwe otchedwa ASTM D2240 amafuna chidutswa chochindikala mamilimita 6. Chikapyapyala, singano imamva tebulo osati silikoni.

Wa ku Matawale:
Zikomo kwambiri nonse. Ndapita kukaona bokosi la magolovesi, ndi a latex, amene ndinagula ku famase mtauni poona kutsika mtengo. Nditaunika kachidutswa kamodzi pawindo, malo omata aja ndi pomwe chala changa chinatsamira m'chikombole. Mayi, desiccator yathu ilibe pampu yabwino. Kodi ndikachisiya usiku wonse pamalo ozizira, thovulo lingatuluke lokha chisanayambe kuuma?