Pempho la malangizo: ndingaphunzire kuti kaphatikizidwe ka kafukufuku wa zipangizo zoyezera matenda?

Akuluakulu ndi anzanga a m'gulu lino, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mudagwirapo ntchito younika ndi kuphatikiza zotsatira za kafukufuku wa anthu ena.

Ndimagwira ntchito mu labotale ya chipatala, ndipo ndikuchita maphunziro a digiri yachiwiri. Mutu wanga ndi kachipangizo koyezera TB mumkodzo kotchedwa LAM, kamene bungwe la WHO lidavomereza mu 2015 kwa odwala omwe ali ndi HIV ndipo afooka kwambiri. Ndidasankha mutuwu chifukwa ndaonapo odwala ogonekedwa amene alibe mphamvu yotsokomola makhololo oti tiyeze pa makina oyezera TB otchedwa GeneXpert, koma mkodzo amapereka, ndipo pakatha mphindi 25 mzere umaoneka pa kapepala.

Nditasonkhanitsa malipoti a kafukufuku wa LAM, ndidatenga avereji ya sensitivity (kuthekera kwa chipangizo kupeza amene alidi ndi matenda) payokha ndi ya specificity (kuthekera kwake kuzindikira amene alibe matenda) payokha. Mphunzitsi wondiyang'anira adandibwezera ntchitoyo, nandiuza kuti ziwirizi zimakokana: ukalola kuti ngakhale mzere wosaoneka bwino uwerengedwe ngati matenda, umapeza odwala ambiri, koma umaphatikizamo ndi ena amene alibe TB. Pa LAM nkhaniyi ndi yaikulu ndithu, pakuti khadi yoyerekezera mizere idasinthidwa mu 2014, kotero malipoti akale ndi atsopano sanagwiritse ntchito malire ofanana. Adandilangiza kugwiritsa ntchito njira ya bivariate kapena HSROC, njira za masamu zowerengera ziwirizi pamodzi, zimene pulogalamu ya pakompyuta yophatikizira kafukufuku yotchedwa RevMan siwerengera payokha.

Chinanso chondivuta ndi QUADAS-2, mndandanda wa mafunso ounikira ngati kafukufuku adachitika bwino, makamaka gawo loona muyezo umene chipangizo chikuyerekezedwa nawo. Ngati TB yafalikira m'thupi ndipo makhololo sanaonetse kanthu, kodi tinene kuti LAM yalakwitsa, kapena muyezowo ndiwo waperewera?

Buku la nkhani imeneyi la Cochrane, bungwe lophatikiza zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, lotuluka mu 2023, ndikuliwerenga, koma masamu ake ndikufunika wondiongolera. Kodi alipo wina mwa inu amene adaphunzirako ku Stellenbosch University kapena ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), ndipo kodi maphunzirowo adafika pa njira za bivariate ndi HSROC? Pa mapulogalamu a pakompyuta owerengera masamu, kodi ndiyambe ndaphunzira R, imene ndi yaulere, kapena ndisunge ndalama za Stata? Ndalama zanga ndi zochepa ndipo tchuthi kuntchito sindingachipeze chachitali, choncho maphunziro a pa intaneti okhala ndi mphunzitsi woyankha mafunso angandikomere kwambiri.

Ndithokoza thandizo lililonse limene mungandipatse.