Funso kwa amene muli ku America: kuchotseredwa msonkho pa makina oziziritsa nyumba

Abale amene muli ku America, ndithandizeni pa Form 5695, fomu yopemphera kuchotseredwa msonkho ku IRS (nthambi ya boma la America yotolera misonkho). Mpaka kumapeto kwa 2025, woikitsa central AC (makina oziziritsa nyumba yonse) yosadya magetsi ambiri ankachotseredwa msonkho wokwana 30 peresenti ya mtengo, kuphatikizapo malipiro a amisiri, koma osapitirira madola 600. Pa heat pump (makina otenthetsa ndi kuziziritsa nyumba) malire anali madola 2,000. Makinawo akhale kuti anaikidwa pofika 31 Disembala 2025, kugula kokha sikokwanira.

Pondivuta ndi apa: SEER2 ya 17 ndi EER2 ya 12 (miyeso ya kusadya magetsi imene makinawo ankayenera kufikira mu 2025) zimawerengedwa pophatikiza chigawo chakunja ndi coil yam'nyumba (chigawo cha mapaipi choziziritsa mpweya). Nanga amisiri akasintha chakunja chokha n'kusiya coil yakale, satifiketi ya AHRI (bungwe lotsimikizira miyesoyi) ingapezeke? Komanso zigawozo zikachokera ku makampani awiri, timalemba QMID (nambala yozindikiritsa kampani yopanga makina) ya kampani iti pa fomuyi? Amene munadzazapo fomuyi, chonde tiunikireni.