Ana a Form 1 akusintha sign paliponse, thandizeni

Mphunzitsi wa masamu, Kanyama:
Anzanga ine ndatopa. Ndinawauza kuti nambala ikawoloka equal sign imasintha sign, 2x + 5 = 17 ikhala 2x = 17 − 5, zinayenda bwinobwino. Manje lero pa 3x = 12 theka la kalasi lalemba x = 12 ÷ −3, ati 3 wawoloka ndiye wasanduka minus!! Buku lililonse −4, −4, mpaka red pen yandithera. Test ili pafupi, ndichite bwanji?

Ba sir a ku Matero:
Vuto mwaliyamba nokha ndi mawu oti kuwoloka. Palibe chimawoloka apa. Equation ndi sikelo, mukachotsa 5 uku chotsaninso 5 uko, mukagawa ndi 3 gawani mbali zonse.

Ba madam a ku Chilenje:
Sikeloyo ndi yabwino ba sir koma chiyambire free education mu 2022 kalasi langa ladzaza, ena amakhala anayi pa desiki imodzi, ndiye mzere uliwonse tizilemba −5 kawiri tidzamaliza liti silabasi? Ine ndimangoti plus ndi minus ndizo zimasinthana, times imasanduka divide, sign ya 3 osaigwira.

Mphunzitsi wa tuition, Chawama:
Chenjeraninso ndi 10 − x = 4. Wina anandilembera x = 4 − 10, ndiye −6, minus ya x waimeza, ndipo anakangana nane kuti mkulu wake anamuphunzitsa choncho. Ndinamuuza ika −6 wakoyo pa x, anapeza 16 osati 4, anangoti zii. Musamalandire buku lopanda check.

Ba sir a ku Matero:
Ndi zomwe ndikunenazi. Akanagwiritsa sikelo minusyo sikanasowa.

Ba madam a ku Chilenje:
Koma ngakhale al-Khwarizmi, katswiri wa masamu wakalekale wa ku Baghdad uja, al-jabr yake komwe kunachokera dzina la algebra inali kutengera chochotsedwa mbali inayo chikakhale chowonjezera. Si ife tinayambitsa.

Ba sir a ku Matero:
Ndiko kuwonjezera mbali zonse kumeneko madam. Anawa akafika pa change of subject, kutembenuza formula ngati v = u + at kuti apeze t, mudzaona letter a itasanduka minus, mudzandikumbuka.

Mphunzitsi wa tuition, Chawama:
Paja alipo ali ndi ma past paper a bungwe la mayeso la ECZ, Maths Paper 2, pa foni? Anga anapita ndi memory card.