Thandizo pa nyimbo za Fritz Wunderlich

Anzanga okonda opera, ndithandizeniko. Ndikumvera Fritz Wunderlich, woimba tenor wa ku Germany amene anamwalira mu 1966 atagwa pa masitepe, asanakwanitse n'komwe zaka 36. Die Zauberflöte, opera ya Mozart imene anajambula ndi wotsogolera oimba Karl Böhm mu 1964, ndili nayo kale. Tamino wake (munthu amene amasewera mu opera imeneyi) amandifika pamtima, mawu osalala, osakakamiza.

Funso langa lili pa Die Schöpfung ya Haydn, yotsogoleredwa ndi Karajan. Imfa inamupeza Wunderlich asanamalize kujambula, ndipo zotsalazo anadzaimba tenor wina, Werner Krenn. Kodi alipo angandiuze malo amene Krenn akulowa?

Komanso pa nyimbo zimene Wunderlich akuimba Hubert Giesen akumuimbira piyano, ndiyambire Dichterliebe ya Schumann kapena Die schöne Müllerin ya Schubert? Ndalama zanga n'zokwana CD imodzi basi.