Mnyamata wa zaka 16 sanathe msinkhu, bambo ake akufuna jakisoni

CO (clinical officer) wa kumudzi: Anzanga thandizeni mwachangu, bambo ake abweranso Lachisanu ndipo anena kale kuti sachoka opanda jakisoni. Mnyamata wa zaka 16, Fomu 2 yogonera konko. Kutalika 146 cm, kulemera 36 kg, mawu akadali a mwana, tsitsi kukhwapa ndi kumusi kulibe, Tanner 1 ndithu, kutanthauza kuti kutha msinkhu sikunayambe nkomwe. Machende onse awiri anatsika koma ndi ang'ono, orchidometer (mikanda yoyezera kukula kwa machende) ndilibe ndiye ndangoyerekeza ndi zala, sakufika 4 ml yosonyeza kuti kutha msinkhu kwayamba. HIV alibe tayeza kawiri, Hb (mlingo wa magazi) 11.2, shuga ali bwino, fungo amamva ndinamuyesa ndi sopo atatsinzina. Mwana amadzuka 4 koloko kukasamba yekha poopa anzake, temu ino wakaniratu kubwerera kusukulu. Kuyeza mahomoni oyambitsa kutha msinkhu, LH ndi FSH, kuno ndi maloto chabe. Bambowo akuti mnzawo wa ku Joni atha kutumiza Sustanon, jakisoni wa homoni yachimuna ya testosterone, ine ndingobaya. Ndiwauze chani?

Madala a ku OPD: Poyamba zaka 16 zo wakuuzani ndani? Mwaona buku la kusikelo? Ana ambiri zaka zawo amazipeka polembetsa sukulu. Ameneyo ndi wa 13 basi, musavutike.

Sisita wa achinyamata: A CO chonde Sustanon yo musaikhudze. Botolo limenelo ndi 250 mg, mlingo wa munthu wamkulu, mukamubaya mwana mafupa amatseka msanga akhala wamfupi moyo wake wonse ndipo akudzaloza inu. Akatswiri akaganiza zopereka amayamba pang'ono, cha mma 50 mg pamwezi kwa miyezi 3 mpaka 6, koma atayeza kaye magazi ndi kujambula dzanja. Si za pa health centre zimenezo. Funso langa, bambo akewo anatha msinkhu ali ndi zaka zingati? Afunseni pa okha mwana palibe, azibambo amachita manyazi. Amayi nawonso afunseni anagwa mdothi liti. Ambiri mwa anyamata ochedwa chonchi ndi za kumtundu, amangochedwa kenako amafika okha.

CO wa kumudzi: Buku la kusikelo linapsa ndi nyumba, koma amayi akuti anabadwa mwezi umodzi ndi msuweni wake yemwe pano ali ndi ndevu kale. Za bambo sindinafunse, zoona.

Madala a ku OPD: Mwaona? Linapsa. Ine ndakhala pa ntchitoyi kuyambira nthawi ya Bakili, mabuku onse amapsa zaka zikafunsidwa.

Mnyamata wa ku labu: kkkk madala. Koma a CO mkodzo ndi chimbudzi munayeza? Ngati ali wa kunyanja kapena kudimba likodzo limapinimbiritsa ana kwambiri, gwiraninso pamimba muone kapamba. Sickle cell ndi Hb imeneyo sindikuganiza koma kuyeza sikulakwa. Ndipo mukamutumiza kukatenga testosterone akafike mmamawa isanakwane 10 koloko, masana imatsika, mungotaya ndalama za anthu. Ndawaonapo ambiri akufika 2 koloko atayenda pa kabaza ulendo wonse.

Nesi wa ku ART: Nkhaniyi yandikumbutsa mnyamata wina wa ku Teen Club kwathu, wobadwa nako kachilombo, zaka 17 koma ukamuona ngati wa Sitandade 5. Anzake anamuuza kuti ma ARV ndi amene akumuletsa kukula, iye nkusiya kumwa mwakachetechete miyezi ingapo, tinadzazindikira viral load itakwera kale. Ndinakhala naye pansi ndinamuuza kuti chomuchedwetsa ndi kachilomboko osati mankhwala. Atayambiranso bwinobwino chaka chisanathe mawu anasintha, anabwera kudzandipatsa moni ndi besi ine osamuzindikira. Wina anamera mabere nthawi ija ya efavirenz tisanasinthe kupita pa dolutegravir, ameneyo ankavala majuzi awiri mu Okutobala. Ndikudziwa wanuyo alibe kachilombo koma mfundo yanga ndi yakuti ana amenewa salankhula, amangochita zinthu paokha. Mufunseni ngati sakumwa kanthu kale. Gondolosi, zitsamba za pa msika, timapiritsi ta anyamata onyamula zitsulo, mudabwa.

Sisita wa achinyamata: Zoona sisi. Ndipo mufunseni mwachindunji ngati anaganizapo zodzipha, osazungulira. Mwana wodzuka 4 koloko kuthawa anzake wavutika nthawi yaitali. Komanso pomuyeza kumusiko mukhale ndi wina mchipinda, bola wamwamuna, ndipo bambo atuluke ngati mwana sakufuna. Musamuvule kawirikawiri ngati chionetsero cha ophunzira.

Madala a ku OPD: Zonsezo nzabwino koma ine ndabwerera pompaja. 146 cm ndi 36 kg ndi mwana wa zaka 12 kapena 13. Malire ndi zaka 14, asanafike pamenepo palibe matenda oti tikambe. Mudzamutumiza ku Queens kapena ku Central makolo agulitse mbuzi, akafike kumeneko amuuze kuti dikira.

Dokotala wa ana: Madala ngakhale mutakhala kuti mukulondola, yankho lake ndi X-ray ya dzanja lamanzere ndi polumikizira dzanja ndi mkono yoona zaka za mafupa, osati kukangana pano. Koma dziwani kuti mwana wochedwa mwachibadwa mafupa ake amaonekanso ang'ono kuposa zaka zake, ndiye chithunzicho sichikuuzani tsiku lobadwa. A CO, funsani za matsagwidi, kuvulala kapena opaleshoni ya kumusi, mutu wosatha, maso kusaona za m'mbali, kutsekula mmimba kosatha, chifuwa, kudzimbidwa ndi kumva kuzizira chifukwa cha chithokomiro. Wa matenda obadwa nawo a Klinefelter nthawi zambiri amakhala wamtali, machende ang'ono olimba, wanuyu sakufanana. Mwachita bwino pa fungo koma sopo yekha sakwanira kutsimikiza kuti si Kallmann, matenda olepheretsa kutha msinkhu ndi kumva fungo. Ndipo zala zimanama, yezani utali wa tchende ndi tepi, likapitirira 2.5 cm ndiye kuti zinthu zayamba kale mwana osadziwa, paja machende ndi amene amayamba, mawu ndi ndevu zimabwera mochedwa. Pa zaka 16 ine sindingadikirenso, lembani kalata. Musamulonjeze mwezi woti adzakula.

Mnyamata wa ku labu: Orchidometer ine ndinaona wina ataumba yake ndi dongo, anayeza ndi madzi a mu sirinji kkkk ikugwirabe ntchito.

CO wa kumudzi: Kalata ndilemba, vuto ndi bambowo. Akuti azibale akuwaseka kuti mwana anamangidwa ndi azakhali ake, ndikakana jakisoni apita naye kwa sing'anga kukatema mphini. Nanga kusukulu ndiwalembere chani osaulula za mwana?

Nesi wa ku ART: Kusukulu samalani, kalata ikangofika mu ofesi mawa lake hostel yonse yadziwa. Lankhulani ndi mphunzitsi mmodzi yekha amene mwanayo wasankha yekha. Ife tinapsa nazo kale zimenezo.

Madala a ku OPD: Funsani agogo ake, anabadwa chaka cha chisankho chiti. Mudzandiuza.