Kodi wothandizira m'wodi zingamutengere zaka zingati kuti akhale namwino?

Mayi wa ku Namwera

Moni nonse, makamaka inu anamwino ndi aphunzitsi. Ine ndimagwira ntchito yothandizira m'wodi pa chipatala china chaching'ono kuno ku Namwera, monga kukolopa, kuchapa nsalu, kuthandiza pa tsiku la sikelo ndiponso kuperekeza odwala akatumizidwa ku chipatala chachikulu ku boma. Mayeso a Fomu 4 ndinalemba mu 2013 ndipo satifiketi ndili nayo, koma Masamu ndi Physical Science sindinakhoze bwino. Pano ndili pabanja ndi ana awiri, komabe mtima wofuna unamwino sunandichoke. Ena akundiuza kuti popeza ndakhalitsa m'chipatala, koleji ingandichotsereko chaka, ena akuti pali maphunziro a chaka chimodzi ndi theka, pomwe enanso akuti m'bale wawo anaphunzira miyezi yochepa ku Johannesburg n'kubwera ali namwino. Ndikupempha mundiuze zoona zake, kuti kuchokera pamene ndilipa mpaka kugwira chiphaso m'manja pangapite zaka zingati, chifukwa ndikufuna kukambirana ndi abambo akunyumba ndili ndi chiwerengero chodalirika.

Namwino wa ku boma

Achemwali, ndikuyankhani mosabisa kanthu. Zaka zimene mwagwira m'wodi zidzakuthandizani kwambiri, pakuti magazi simudzawaopa ndipo mukudziwa kale kulankhula ndi wodwala amene wataya mtima, koma sizingakuchotsereni ngakhale temu imodzi. Chiphaso cha unamwino m'dziko muno chimaperekedwa ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo mayeso ake amalemba okhawo amene amaliza maphunziro onse pa koleji imene bungwelo linaivomereza.

Njira zikuluzikulu zilipo ziwiri. Ya digiri imatenga zaka 4, monga ku Mzuzu University kapena ku KUHeS, yunivesite imene inayamba mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Ya dipuloma, imene timangoitchula kuti NMT (Nurse Midwife Technician), imatenga zaka 3, ndipo ndi imene anamwino ambiri a m'zipatala zazing'ono anadutsamo. Imaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Zomba ndi m'makoleji a CHAM (bungwe la zipatala za mipingo), monga St Luke's ku Malosa, imene kwa ife a ku Mangochi ili pafupiko, St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Trinity ku Nsanje, Mulanje Mission, Nkhoma ndi Ekwendeni.

Zaka zitatuzo si za m'kalasi mokha. Wophunzira amayenda ndi kabuku kamene amalembamo mayi aliyense amene wamuthandiza kuchira, ndipo mzamba woyang'anira wodi amasainira pamzere uliwonse. Chiwerengero chofunika chikapanda kukwana, munthu amatsalira kuti akwaniritse ngakhale anzake atapita kwawo. Akamaliza amadikira mayeso a khonsolo, bungwe la anamwino lija, kenako zotsatira zake, ndipo pamenepa pamapita miyezi ingapo. Choncho kuchokera tsiku lolowa ku koleji mpaka chiphaso, werengerani zaka zitatu ndi theka. Koma kwa inu kuwerenga sikuyambira pageti la koleji, kukuyambira pa satifiketi yanu ya MSCE, ndipo zimenezo aphunzitsi angazifotokoze bwino kuposa ine.

Mphunzitsi wa ku Monkey Bay

Mayi, zimene anena anamwinowa ndi zoona, ndipo ine ndingowonjezera za mbali ya mayeso. Makoleji a unamwino amayang'ana makirediti m'Chingerezi, Masamu ndi maphunziro a sayansi, makamaka Bayoloje, choncho kubwereza simungakuthawe. Dziwaninso kuti Physical Science imene munalemba inu inagawidwa pawiri, ndipo masiku ano ana amalemba Physics payokha ndi Chemistry payokha, kutanthauza kuti mukupita kukakumana ndi mabuku ena amene simunawaonepo.

Mungathe kulowa Open School, kumene amaphunzira masana ana asukulu akaweruka, n'kulembetsa mayeso a MANEB monga wochokera kunja. Kulembetsako kumatsekedwa miyezi yambiri mayeso asanafike, ndipo amene waphonya amakhala wataya chaka chathunthu. Sankhani sukulu yokhala ndi labu, chifukwa mayeso a sayansi ali ndi gawo lochita ndi manja, ndipo ndaona akuluakulu anzeru akunjenjemera atagwira botolo la asidi koyamba m'chipinda cha mayeso momwemo. Pali ena amene amakonza magiredi awo m'chaka chimodzi, koma kwa mayi wogwira ntchito ya mashifiti, amene anasiya Masamu kalekale, ine ndimalangiza kuti aziika zaka ziwiri m'maganizo. Zotsatira zikatuluka mudzadikiranso kuti makoleji alengeze malo, mufunsire, muitanidwe kumafunso, ndipo kudikira kumeneku nthawi zina kumayandikira chaka. Mukaphatikiza zonse ndi zimene awerengera anamwino, mupeza zaka pakati pa 5 ndi 6, zinthu zikayenda bwino.

Mzamba wa ku Makanjira

Achemwali anga, maphunziro a chaka chimodzi ndi theka amene munamvawo alipodi, ndipo ine ndinadutsa momwemo. Ndi a Community Midwifery Assistant, a miyezi 18, amene boma linayambitsa mu 2011 pofuna kuti zipatala zakumidzi zikhale ndi azamba ophunzitsidwa, azamba a m'midzi ataletsedwa kubereketsa mu 2007. Amene akudziwa msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja angamvetse chifukwa chake ntchito imeneyi ndimainyadira, pakuti mayi amene matenda amuyamba usiku sangadikire kuti madzi aphwe.

Ndikuuzeni poyera kuti amene wamaliza maphunzirowa si namwino. Ntchito yathu ndi ya sikelo ya amayi oyembekezera, kubereketsa pamene palibe vuto, kuyang'anira mayi ndi khanda lake, za kulera, ndiponso kuzindikira msanga chizindikiro choopsa n'kutumiza wodwala ku chipatala chachikulu. MSCE imafunikabe. Komabe kwa mayi wa ana awiri, amene sangasiye nyumba zaka zitatu, ine ndimaona kuti ndi poyambira pabwino, chifukwa amabwerera msanga pantchito ndipo khomo lokapitiriza maphunziro limakhala lotseguka.

Namwino wa ku boma

Ndimalemekeza kwambiri ntchito ya azambawa, koma pa nkhani ya zaka ndisiyana nawo pang'ono. Njira yokwera pang'onopang'ono imaoneka yaifupi poyamba, koma ikawerengedwa yonse ndi imene imatalika. Munthu akatha miyezi 18 ayenera kugwira ntchito kaye, kenako n'kubwereranso ku koleji kuti akhale NMT. Ngakhale ife a NMT, tikafuna kukwera kukhala Registered Nurse Midwife, kawirikawiri amafuna kuti tikhale titagwira ntchito zaka ziwiri, ndipo maphunziro owonjezerawo amatenganso zaka ziwiri kapena kuposerapo, kotero kuti udindo umene mwana wochokera ku Fomu 4 amaufika m'zaka 4 za digiri, ife timaufika m'zaka 7 kapena kuposa. Ngati cholinga chanu ndi unamwino ndipo makirediti atuluka bwino, funsirani NMT mwachindunji.

Bambo wa ku Mpondasi

Ine si wa zachipatala, koma nkhani ya ku Johannesburg ija yandikhudza. Mwana wa mlongo wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi satifiketi yosamalira okalamba m'nyumba, ndipo banja lonse tinkamutcha namwino. Atafufuza anauzidwa kuti pepalalo si la unamwino, pakuti ngakhale amene anaphunziradi unamwino kunja ayenera kupereka mapepala ake ku khonsolo kuti awunikidwe asanaloledwe kugwira wodwala. Pambuyo pake tinamulipirira fizi pa sukulu ina ya m'tauni imene inkalonjeza dipuloma yachangu, ndipo yunifolomu yoyera anasoketsa, koma nthawi ya mayeso itayandikira zinadziwika kuti sukuluyo sinali pa mndandanda wa zovomerezeka. Ndalama zimenezo tinazipeza titagulitsa ukonde. Mayi, musanapereke ngakhale ndalama ya fomu, funsani ku ofesi ya khonsolo ku Lilongwe ngati kolejiyo ndiponso maphunziro enieniwo ndi ovomerezeka.

Mayi wa ku Namwera

Zikomo kwambiri nonse, ndipo pepani abambo ndi zimene zinakugwerani. Zaka 5 kapena 6 ndi zambiri, koma tsopano ndikudziwa chimene ndingakawauze akunyumba. Ndatsala ndi funso limodzi: kodi n'zotheka kuphunzira NMT kumapeto kwa sabata ndikugwirabe ntchito yangayi, kuti ana asasowe chakudya?

Namwino wa ku boma

Pa zaka zobwereza MSCE ntchito musaisiye, ingopemphani oyang'anira wodi kuti azikuikani mashifiti osawombana ndi kalasi. Koma NMT siitheka kumapeto kwa sabata, chifukwa wophunzira amagwira mashifiti a usana ndi usiku m'zipatala zimene koleji yamutumiza, nthawi zina m'boma lina lakutali. Kalata ya malo ikangofika, lembani pempho la tchuthi cha maphunziro kudzera kwa amene anakulembani ntchito, ndipo musanyamuke yankho lolembedwa lisanabwere. Nkhani ya amene adzasunge ana muiyambiretu chaka chino ndi abambo akunyumba pamodzi ndi amayi anu.