Ahedi andiuza pakamwa kuti ndiyambe ndakhala kunyumba, kodi lamulo likuti chani?

Sala wa Std 6, Nsanje:

Aphunzitsi anzanga ndi ena odziwa za malamulo ndithandizeni mutu waima. Ndimaphunzitsa Standade 6 pa sukulu ina ya pulaimale kuno ku Nsanje, dzina la sukulu sinditchula. Masabata atatu apitawa ana asanu ndi awiri anachedwa kulowa mkalasi itatha buleki nde ndinawapatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala kuseri kwa buloko, sindinamenye mwana olo mmodzi ndikulumbira. Koma dzuwa la Okutobala kuno mukulidziwa, mtsikana mmodzi anangoti khuu pansi kukomoka, tinamuthira madzi nkumutengera kuchipatala pa kabaza yomwe ndinalipira ndekha, anamuika diripi madzulo nkutuluka. Makolo anakadandaula kwa amfumu, amfumu kwa a komiti ya sukulu, mawa lake ahedi anandiitana mu ofesi amvekere sala yambani mwakhala kunyumba mpaka nkhaniyi izizire. Kalata palibe, sanandifunse mbali yanga, ndangokhala pakhonde kumawerenga mbuzi za eni. Pano ndikumva mphekesera zoti akufuna andiponye tsidya la Shire. Funso langa ndi loti zimenezi ndi zololedwa? Komanso malamulo okhudza ife aphunzitsi munthu angawaphunzire kuti, chifukwa ku TTC, ku koleji ya aphunzitsi, ine ndimakumbuka ma lesson plan ndi ma scheme basi, za ufulu wanga ndikalakwa sindikumbuka kuti tinakhalirapo pansi.

Hedi wopuma, Ngabu:

Mwana wanga, choyamba dzuka mawa mmamawa uvale bwino upite kusukulu ukasaine mu time book. Ndikubwereza, ukasaine. Ine ndakhala pa uhedi zaka zambiri ndisanapume ndipo ndaona anthu akutaya ntchito chifukwa cha mawu omwewa oti yambani mwakhala kunyumba. Mawu apakamwa amauluka ndi mphepo koma buku lija limatsala, ndipo tsiku limene nkhaniyi idzafike kwa a DEM, mkulu wa maphunziro m'boma lino, adzatsegula bukulo nkupeza kuti masabata atatu dzina lako mulibe. Kujomba kuntchito popanda chilolezo ndi mlandu pawokha mu MPSR, malamulo aja a ogwira ntchito m'boma, nde udzapezeka ukuyankha milandu iwiri pomwe unali ndi umodzi. Ahedi akowo mwina sakukufunira zoipa, mwina akungoopa makolo kuti angabwere ndi zikwanje, koma akadzapanikizidwa kodi adzavomera kuti ndi iwo anakuuza? Munthu amayamba wateteza mphika wake.

Akakubweza pageti, usakangane nawo. Lemba kalata yaifupi yaulemu yoti bwana pa tsiku lakuti munandiuza kuti ndikhale kunyumba, ndikupempha kuti mundipatse zimenezi polemba pamodzi ndi zifukwa zake. Ulembe makope atatu, ina kwa ahedi, ina kwa a PEA, mlangizi wa masukulu a m'zoni, ku ofesi yawo ku TDC, yachitatu akudindire sitampa usunge wekha mu pulasitiki, kuno madzi akabwera sasankha pepala. Kupempha zifukwa polemba si mwano ayi. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko lino, Constitution ija ya 1994, limanena kuti ofesi ya boma ikamapanga chiganizo chokhudza ufulu kapena zofuna za munthu iyenera kutsata njira yachilungamo, ndipo munthuyo apatsidwe zifukwa zolembedwa. Sukulu ya boma ndi ofesi ya boma imeneyo. Employment Act ya 2000 nayo pa gawo 57 imati munthu sachotsedwa ntchito pa nkhani ya khalidwe asanapatsidwe mpata wodziteteza. Ntchito ya hedi ndi kulemba lipoti lipite kwa a PEA, a PEA alipititse kwa a DEM, kuimitsidwa kwenikweni kumachokera kumwambako ndipo kumabwera pa kalata yokhala ndi deti ndi siginecha.

Za transifa ndisakunamize, boma likhoza kukutumiza kulikonse kumene kukufunika mphunzitsi, Makhanga ndi Muona nakonso kuli ana a anthu ofuna kuphunzira. Chomwe ungafunse ndi choti posting yakeyo ibwere polemba, ndipo ngati akuigwiritsa ntchito ngati chilango pa mlandu umene sanakuzenge, apo nde pali poyambira kudandaula.

Mayi wa mother group, Bangula:

Ine si mphunzitsi koma ndiloleni ndiyankhuleko ngati kholo. Asala, mwalemba zambiri za inu, kabaza munalipira nokha, simunamenye, chabwino. Nanga mwanayo ali bwanji pano? Munapitako kwawo kukamuona? Kuno masana nthaka imaotcha mpaka nkhuku zimayenda kukamwa yasaa, ife akuluakulu timaweruka kumunda 9 koloko isanakwane, inu nkumupatsa khasu mwana wa eni itatha buleki, mwina anachoka kunyumba osadya kanthu, mwina ali kumwezi ndipo anachedwa chifukwa anali kuchimbudzi akudzikonza. Ifeyo a mother group timavutika kukoka atsikanawa kuti asasiye sukulu, ena tawabweza kuchoka kumabanja, ena abwerera atabereka chifukwa boma linalola kuyambira 1993 kuti mtsikana akachira azibwerera mkalasi. Kenako mwana yemwe tamunyengerera miyezi akakomoke pa dzenje la zinyalala, mayi ake adzamulolanso kubwera? Ufulu wanu sindikukana, koma aphunzitsi mumathamangira malamulo pokhapokha moto ukafika pa inu.

Wa Education ku Zomba, kwathu ku Nchalo:

Amayi a ku Bangula anena zowawa koma lamulo lili mbali yawo pamenepo, nde sala konzekani mtima. Ambiri timaganiza kuti choletsedwa ndi chikwapu chokha. Zoona unduna unaletsa kumenya ana, ndipo gawo 19 la Constitution limateteza ulemu wa munthu nkuletsa zilango zankhanza. Koma tawerengani gawo 23 la ufulu wa ana, limanena kuti mwana atetezedwe ku ntchito kapena chilango chilichonse chimene chingakhale choopsa, chosokoneza maphunziro ake, kapena choononga thanzi lake. Mawu oti chilango alimo ndithu. Nde kukumbitsa dzenje padzuwa la Lower Shire nthawi yomwe anzake ali mkalasi, mukuona nokha kuti zikugunda pawiri, thanzi ndi maphunziro. Ndipo chisinthireni Constitution mu 2017 mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, kaya ndi chimtsikana chachitali chobwereza Standade 8 kachitatu, pamaso pa lamulo ndi mwana basi. Palinso Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 yomwe a social welfare ndi apolisi a Victim Support amagwiritsa ntchito nkhani za ana zikafika kwa iwo.

Izi sizikufufuta zomwe anena ahedi opuma. Munthu akhoza kukhala wolakwa koma nkukhalabe ndi ufulu womvedwa, zinthu ziwirizi zimayendera limodzi. Kungoti mukadzaitanidwa musakapite ndi mtima woti sindinamenye nde ndilibe mlandu, adzakugwetsani ndi funso limodzi.

Pa funso lanu lachiwiri, simukufunika kudikira digiri ya malamulo. Lowani pa webusaiti ya MalawiLII pa foni yomweyo, malamulo ambiri ndi zigamulo za makhoti zili pamenepo ulere, bandulo yochepa ikwana. Yambani ndi chaputala 4 cha Constitution, ndi masamba ochepa, muwerenge gawo 19, 23, 25 la ufulu wa maphunziro, 31 la ufulu wa apantchito ndi 43 lija. Mukatero tsitsani Education Act ya 2013 yomwe inalowa mmalo mwa ya 1962 ya nthawi ya atsamunda, imeneyi ndi yomwe inati pulaimale ndi yokakamiza komanso inakhazikitsa Teachers Council of Malawi, bungwe lolembetsa aphunzitsi ndi kupereka ziphaso. Apa nde pofunika kusamala, chifukwa khalidwe lako likhoza kukhudza chiphaso chomwe, osati pa payroll pokha. Chingerezi cha malamulo nchouma poyamba, ine ndinkawerenga gawo limodzi katatu, koma ukazolowera umayamba kuona kuti zambiri zomwe timauzana mu staff room kuti ndi lamulo ndi chizolowezi chabe. Chitsanzo, zaka zonsezi masukulu a boma ankabweza ana achi Rasta kuti akamete kaye, aliyense nkumati ndi lamulo, mpaka mu Meyi 2023 High Court ku Zomba, Justice Zione Ntaba, inagamula kuti kuwakaniza sukulu chifukwa cha ma dreadlocks nkuphwanya Constitution. Ahedi angati anabweza ana akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akutsata lamulo?

Madam wa ku Chikwawa boma:

Kkkk za staff room zo nde zoona, kwathu kuli sala wina amatchula ma section a mmutu mwake molimba mtima ngati loya. Ine ndingoonjezera kuti musayende nokha. TUM, yuniyoni yathu ya aphunzitsi, timadulidwa ndalama mwezi ndi mwezi, ntchito yake si ma t-shirt a tsiku la aphunzitsi okha ayi, pezani nthumwi ya yuniyoni ya zoni yanu mupite nayo tsiku lokamva nkhani, olo angokhala phee pambali akulemba, mabwana amayankhula mosamala pakakhala mboni. Zikakanika pa khonsolo pali a Ombudsman, kudandaula kumeneko nkwaulere, palinso Industrial Relations Court ya nkhani za pantchito, ndi a Legal Aid Bureau kwa ife osakwanitsa loya. Koma musagone nazo, nkhani zopempha High Court kuti iunikenso chiganizo cha boma zili ndi malire a miyezi itatu.

Ndipo kusadziwa malamuloku kumatipweteka pambiri. Sitiraka ija ya 2021 ya ma risk allowance a Covid tinakhala pansi masabata, chaka chomwecho aphungu anasintha Labour Relations Act kuti bwana akhoza kukudula malipiro ukanyanyala kupitirira masiku atatu pachaka, koma mpaka lero ena mu staff room sadziwa. Azibambo ambiri sadziwanso kuti kusintha kwa Employment Act kwa 2021 kunawapatsa masabata awiri a tchuthi akazi awo akachira, amangopempha ngati akupempha chifundo. Nanga za makampu, namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023 makalasi athu anasanduka mogona anthu, madesiki ena anathera pamoto wophikira, mabuku kunyowa, kenako mafunso onse kubwera kwa mphunzitsi kuti katundu wa boma anapita kuti. Amene analemba mndandanda wa katundu nkusainitsa a komiti ndi amfumu anagona tulo, enafe tinayankha mafunso mpaka kutopa.

Hedi wopuma, Ngabu:

Ndaiwala chimodzi. Lemba lero lomwe zonse zomwe zinachitika tsiku limenelo, nthawi yake, ana anali angati, unawauza chani, anakomoka nthawi yanji, ndani anakuthandiza kumunyamula, ndipo usakometsere. Ukadzaitanidwa patatha miyezi iwiri mutu udzakhala utasakaniza. Koma kwa makolo usapite wekha usiku ngati wakuba ndi kandalama mthumba, zimenezo zidzatembenuka kukhala kuti umafuna kuwatseka pakamwa. Pita masana ndi wapampando wa komiti kapena mayi mmodzi wa mother group.

Sala wa Std 6, Nsanje:

Takhuta nonse. Amayi a ku Bangula mawu anu andilasa, usiku sindinagone, zoona sindinapiteko kwawo chifukwa ndimaopa bambo ake. Lero ndinapita kusukulu 7 koloko isanakwane ndasaina, ahedi atandiona anadabwa amvekere sala mesa tinagwirizana, ine nkuwapatsa kalata ija mwaulemu. Anaiwerenga kawiri, sanadinde sitampa akuti ili ndi adepute omwe apita ku boma kukatenga mabuku, koma anasaina pa kope yanga nkulemba deti. Kenako anati basi kalowe mkalasi tiona a PEA akabwera Lachinayi. Mtsikana uja sanabwere, anzake akuti chichitikireni zija wangobwera masiku awiri okha. Ndapangana ndi apampando a komiti kuti mawa tikaweruka tipite kwawo, ndi kutsidya kwa dambo nde tiyenda wapansi. Chaputala 4 ndatsitsa, ndafika pa gawo 23 netiweki nkuthawa. Achimwene a ku Zomba, MPSR yo nayo ili pa MalawiLII pompo kapena ndikapemphe kope ku TDC?